Apongozi anga a ku China ali ndi shuga koma ataya mtima, nditani?

Funsoli lachokera kwa achimwene ena amene akuchita bizinesi ku Guangzhou ndipo anakwatira konko. Akuti apongozi awo aamuna, obadwa mu 1960, anawapeza ndi shuga wa mtundu wachiwiri zaka zingapo zapitazo. Poyamba amatsatira zonse koma pano kamashini koyezera kali mudirowa, mankhwala amamwa tsiku lomwe akumbukira, adokotala atatchula za jakisoni wa insulin anakanitsitsa, ukawalankhula amangoti matendawa sachizika, ndakula kale, ndisiyeni ndizidya. Nde akufunsa kuti: "Zonse amazidziwa, kabuku ka kuchipatala anawerenga, nde vuto ndi chani? Ine mkamwini ndingathandize bwanji osaoneka wamwano?"

Achimwene, vuto la apongozi anuwo si kusadziwa ayi, mwanena nokha kuti kabuku anawerenga. Chomwe chawathera ndi chikhulupiriro choti zimene iwo angachite ndi manja awo zingasinthe kanthu. Chikhulupiriro chimenechi sichibwerera powaopseza kuti adzadulidwa mwendo kapena powalanda mbale ya mpunga, chimabwerera munthu akaona ndi maso ake nambala itatsika chifukwa cha kanthu kamene wachita yekha, osati kamene amuchitira.

Apongozi anu sali okha olo pang'ono. China ndi dziko lomwe lili ndi anthu a shuga ambiri kuposa lina lililonse, bungwe la International Diabetes Federation linawerengera kuti mu 2021 akuluakulu pafupifupi 140 miliyoni kumeneko anali ndi matendawa. Ndipo zabwera mothamanga zedi, mu 1980 sankafika ngakhale munthu mmodzi pa 100 aliwonse koma kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza 12.4 peresenti. Mwa amenewa ongopitirira pang'ono mmodzi pa atatu ndi amene amadziwa kuti ali ndi shuga, ndipo mwa omwe ali pa mankhwala ndi theka lokha limene shuga wake ali pomwe akufunika. Theka linalo ndi lomwe muli apongozi anumo, anthu oti mankhwala alipo, chipatala chili pafupi, kabuku ali nako, koma zinthu sizikuyenda. Kumbukiraninso kuti munthu wobadwa mu 1960 anabadwira mkati mwa njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961, wakula mpunga ukugulidwa ndi makuponi a boma, nde pano chakudya chadzadza patebulo ndi pamene akuuzidwa kuti musadye ichi musadye icho. Akuluakulu a kwathu amene anaona njala sataya mkute, nde mukumvetsa chomwe chikuwawawa.

Katswiri wa za maganizo Albert Bandura wa ku Stanford analemba mu 1977 za mtima umenewu woti ndingathe, ndipo ife a zaumoyo timaugwiritsa ntchito mpaka lero chifukwa umaoneka poyera pa odwala. Iye anati umachokera kunayi. Gwero lalikulu kuposa onse ndi kuyesa wekha nkutheka. Kenako kuona mnzako wofanana nawe akukwanitsa, kenako mawu olimbikitsa ochokera kwa munthu yemwe umamukhulupirira, ndipo chomaliza ndi mmene thupi ndi mtima zikumvera pa nthawiyo, munthu wamantha kapena wotopa sadzikhulupirira. Taonani kuti mawu ali pa nambala 3, koma m'mabanja ambiri mawu ndi omwe timathira okhaokha, m'mawa mawu madzulo mawu. Kafukufuku wina wa ku Beijing wa 2008 pa odwala shuga anapeza zomwezi, kuti kudziwa zambiri za matendawa sikupangitsa munthu kudzisamalira mwachindunji ayi, kumadzera kaye mu kukhulupirira kuti chithandizocho chimagwira ntchito komanso kuti iyeyo angachikwanitse. China chofunika, mtima umenewu si umodzi wa zonse. Munthu akhoza kukhala wodzidalira pa kumwa mapilisi koma pa kukana galasi la baijiu, mowa waukali wa kumeneko, paukwati ayi ndithu. Odwala ambiri a ku China amachita bwino pa mapilisi koma amafooka pa kudziyeza shuga ndi kuyang'ana mapazi, nde musamafunse kuti kodi bambo akudzisamalira, muzifunsa kuti ndi pati penipeni pamene agwa ulesi.

Mawu oti palibe chomwe ndingachite ali ndi yankho lochokera mdziko lawo lomwelo, ndipo ine ndimaona kuti kwa munthu wa ku China limalowa bwino kusiyana ndi nkhani za ku America. Mu 1986 ku Daqing, mzinda wa mafuta m'chigawo cha Heilongjiang, madokotala motsogozedwa ndi Pan Xiaoren anatenga anthu 577 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda enieni. Ena anawathandiza kusintha kadyedwe, ena masewera olimbitsa thupi, ena zonse ziwiri, ena anangopatsidwa malangizo wamba. Patatha zaka 6 kuyamba kwa shuga kunachepa ndi 31 peresenti kwa a kadyedwe, 46 peresenti kwa a masewera, 42 peresenti kwa a zonse ziwiri. Anawatsatirabe mpaka zaka 30 ndipo anapeza kuti matendawa anachedwa kuyamba ndi zaka pafupifupi 4, matenda a mtima ndi sitiroko anachepa, imfa zinachepanso. Zoona, amenewo anali asanadwale pomwe apongozi anu adwala kale, koma mfundo ikuimabe, anali anthu wamba odya zakudya za kwawo, palibe mankhwala odabwitsa, kungosintha za m'mbale ndi kuyenda basi.

Nde tiyambe ndi kamashini kali mudirowako, chifukwa anthu ambiri amakasiya pa chifukwa chomveka. Amayeza m'mawa asanadye, nambala ikakhala yokwera nyumba yonse imayamba kufunsa kuti dzulo munadya chani, ikakhala yabwino palibe amene amalankhula, ndipo timapepala toyezerato nthawi zambiri munthu amagula ndi ndalama zake. Ndani angapitilize kugula chinthu chongomubweretsera milandu? Njira yomwe ndimaikonda ndi yoyeza kawiri pa chakudya chimodzi, asanadye komanso patatha maola awiri kuchokera pamene anayamba kudya. Ku Guangzhou m'mawa anthu amakonda phala la mpunga lija amati juk, lophikidwa nthawi yaitali mpaka mpunga kusungunuka, ndipo chifukwa cha kusungunukako limalowa m'magazi mwachangu kuposa mpunga wouma. Tsiku loyamba adye mmene amadyera masiku onse, osasintha kanthu, ayeze kawiri alembe manambala onse awiri. Tsiku lachiwiri adye zomwezo koma akatha ayende mphindi 15 kapena 20, ayezenso. Tsiku lachitatu ayambe ndi dzira ndi masamba, mkaka wa soya wosathira shuga, phalalo libwere kumapeto ndipo theka chabe. Akaika manambala a masiku atatuwo pamodzi nthawi zambiri kusiyana kumaoneka poyera, ndipo apa pamafunika kudziletsa kwambiri, inu ndi mayi akunyumba musanene kuti mwaonatu tinkanena. Asiyeni ayang'ane okha pepalalo. Munthu akatulukira yekha kuti miyendo yake yatsitsa nambala, amenewo ndi mankhwala a mtima wotayika uja, ndipo mawa lake amafuna kuyesa chakudya china mwa kufuna kwake, kaya cheung fun, chakudya cha ufa wa mpunga chokulunga, kaya chipatso cha lychee cha mu June.

Manambala a ku China amawerengedwa mu mmol/L, ngati munazolowera a mg/dl muchulukitse ndi 18. Malangizo a Chinese Diabetes Society kwa akuluakulu ambiri ndi 4.4 mpaka 7.0 asanadye, kuchepera 10.0 nthawi zina zonse, ndi HbA1c yochepera 7 peresenti, imeneyi ndi ija imaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu. Kwa okalamba kapena omwe ali ndi matenda ena adokotala amatha kumasulako. Izi ndazitchula dala chifukwa munthu amene akuthamangitsa nambala ya mnyamata wopanda matenda amalephera tsiku lililonse, ndipo kulephera kwa tsiku lililonse ndi kumene kumapha mtima.

Ku Stanford komweko Kate Lorig ndi anzake anakonza pulogalamu yoti odwala matenda okhalitsa aziphunzitsana okhaokha m'magulu, ndipo akatswiri a Fudan University anaiyesa ku Shanghai, zotsatira zinatuluka mu 2003 zikuonetsa kuti omwe analowa m'maguluwo anayamba kudzikhulupirira kwambiri ndi kulimbitsa thupi kuposa anzawo. Mkati mwake muli kachida kakang'ono komwe mungakagwiritse ntchito kunyumba lero lomwe. Munthu amasankha yekha chinthu chimodzi cha sabata imeneyo, chomveka bwino, chani, liti, kangati. Osati ndiziyenda kwambiri ayi, koma ndikadya madzulo ndizungulira bwalo la pansipa mphindi 15, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kenako umamufunsa kuti pa 0 mpaka 10 mukudzikhulupirira bwanji kuti muchita? Akanena kuchepera 7 ndiye kuti pulaniyo yakula, ichepetsedwe mpaka afike pa 7. Anthu amaona ngati mphindi 10 kawiri pa sabata nzachibwana poti malangizo amati mphindi 150 pa sabata, koma sabata yoyamba cholinga si shuga, cholinga nchoti Lamlungu likafika anene kuti ndinalonjeza ndipo ndachita. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ubwino wake eni ake ali ndi mwambi wawo woti ukayenda masitepe 100 utadya udzafika zaka 99, nde simukubweretsa chachilendo, ndipo kupaki m'mawa kuli anzawo a msinkhu wawo akuchita masewera ofatsa a kwawo otchedwa tai chi ndi baduanjin, madzulo amayi akuvina pabwalo. Mwa amenewo a shuga alipo ambiri, mmodzi yekha wodzibaya insulin nkumaoneka wamphamvu akhoza kuchita zomwe banja lonse lalephera zaka ziwiri.

Za patebulo. Ku China chakudya chimaikidwa pakati aliyense nkumatapa, ndipo kuikira munthu chakudya m'mbale mwake ndi chikondi, nde kuwaphikira apongozi zawozawo zosakoma pambali pomwe ena akudya nkhumba yowotcha ndi kuwachotsa m'banja katatu pa tsiku. Bola nyumba yonse isinthe pang'ono, mbale za mpunga zikhale zazing'ono kwa onse, kusakaniza mpunga woyera ndi wosakonola kapena mapira, masamba ayambe mpunga utsirize, mchere ndi soy sauce zichepe poti anthu kumeneko amadya mchere pafupifupi kawiri kuposa magalamu 5 pa tsiku omwe WHO imanena ndipo BP ndi shuga zikakumana impso ndi zomwe zimavutika. Pa zikondwerero, keke ya mooncake ya pa Mid-Autumn kapena zongzi, mpunga womata wokulunga m'masamba wa pa Dragon Boat, ine sindiletsa, ndimati kagawo kakang'ono masana, mpunga uchepe pa chakudya chimenecho, kenako kuyenda. Chovuta kwambiri kwa abambo ndi phwando, pamene wina waimirira ndi galasi kuti ganbei, kutanthauza kuti tigugude, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyoza. Ambiri amabisa kuti ali ndi shuga, ndipo manyaziwo ali ndi pochokera, mpaka malamulo oyeza thupi la ofuna ntchito za boma amaika shuga pa matenda olepheretsa munthu kulembedwa. Muwathandize kukonzeratu chiganizo chimodzi asanachoke kunyumba, monga adokotala andiletsa ndili pa mankhwala, tiyi uyu alowe m'malo mwa mowa, umene ndi mwambo wodziwika kale kumeneko. Ngati amasuta, monga pafupifupi theka la amuna a ku China, imeneyo ndi nkhondo yaikulu koma musaiyambe sabata imodzi ndi zinazi.

Tsopano insulin. Akuluakulu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti ukayamba kubaya thupi limazolowera ngati mankhwala ozunguza bongo, ena amati ndi chizindikiro choti wafika kumapeto, ndipo pali mawu omwe amakonda kunena oti mankhwala aliwonse ali ndi kagawo ka poizoni. Insulin si chachilendo m'thupi, kapamba amapanga yekha tsiku lililonse, kungoti pa shuga wa mtundu wachiwiri zaka zikamapita amapanga wochepa, si chilango cha kusamvera ayi. Ndipo umboni woti sazoloweretsa unachokera mumzinda mwanu momwemo, gulu la Weng Jianping wa ku Sun Yat-sen University linasindikiza mu 2008 kafukufuku wa odwala ongowapeza kumene omwe anapatsidwa insulin wamphamvu kwa masabata ochepa kenako nkusiya, ndipo pafupifupi theka anatha chaka chathunthu opanda mankhwala a shuga. Apongozi anu akhala nawo zaka nde musawalonjeze zimenezo, koma nkhani yoti ukayamba ndiye wakodwa si yoona. Mtengo nawo unatsika pafupifupi ndi theka boma litayamba kugula insulin mwa chipiku cha dziko lonse kumapeto kwa 2021. Mantha a singano amatha munthu akaigwira m'manja, ya chobayira chooneka ngati peni ndi mamilimita 4 kapena 5 basi, pemphani nesi awaonetse ndipo jakisoni woyamba adzibaye okha nesiyo ali pompo.

Funsaninso mwaulemu chifukwa chomwe amadumphira mapilisi, pena si ulesi. Acarbose, piritsi la shuga lomwe limaperekedwa kwambiri ku China chifukwa amachedwetsa kugayika kwa mpunga ndi zaufa, amadzadza mimba ndi mpweya makamaka poyamba, ndipo bambo waulemu wake sangauze mwana wake wamkazi zimenezo, amangosiya mwakachetechete. Amenewa amamwedwa limodzi ndi chakudya choyamba kulowa mkamwa, ukamwa utadya kale sagwira. Metformin naye amatha kutsegula m'mimba. Zonsezi adokotala amatha kuzikonza poyamba ndi mlingo wochepa, bola auzidwe.

Pali kudzikhulupirira kwina koopsa komwe sitikukufuna, kwa munthu amene akuti ndikumva bwino nde shuga ali bwino, kapena wapeza mankhwala a zitsamba pa gulu la WeChat olonjeza kuchiziratu. Shuga wa 11 kapena 12 nthawi zambiri samveka m'thupi koma maso, impso ndi mitsempha zikuonongeka. Mankhwala achikhalidwe sindikuwanyoza, ndi mbali ya moyo wawo ndipo mukawanyoza mwatseka khomo, koma tsegulani kabati muone. Timibulu totchuka ta Xiaoke Wan anthu amatitenga ngati zitsamba zokhazokha pomwe mkati muli glibenclamide, mankhwala amphamvu otsitsa shuga, timibulu 10 tili ndi 2.5 mg, zalembedwa pa paketi. Wokalamba akaphatikiza ndi mapilisi a kuchipatala kapena akamwa osadya shuga amatha kugwa moopsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzaoneni, mtima kugunda, kusokonekera mutu, nambala 3.9 kapena kutsika apo. Apatseni magalamu 15 a shuga monga theka la kapu ya juwisi, muyezenso patatha mphindi 15. Ngati ali pa acarbose pamafunika glucose weniweni, shuga wa tiyi ndi buledi zimachedwa chifukwa cha mankhwalawo. Akakomoka musawathire kanthu mkamwa, imbani 120, nambala ya ambulansi kumeneko. Munthu amene shuga anamugwerapo kamodzi amachita mantha mpaka kumadya mowonjezera dala, nde kudziwa chochita kumabwezeranso mtima.

Mapazi musaiwale. Kuviika mapazi m'madzi otentha usiku ndi chizolowezi chokondedwa kwambiri ku China, ndipo ku Guangzhou nyumba zilibe zotenthetsera za m'makoma ngati za kumpoto nde m'nyengo yozizira anthu amagona ndi botolo la madzi otentha. Munthu amene mapazi ayamba dzanzi samva kuti akupsa, amangodzaona thuza m'mawa, ndipo zilonda zambiri zoopsa zimayamba choncho. Madzi asapitirire madigiri 37, ayesedwe ndi chigongono kapena kathemometa osati phazi, mphindi zochepa basi, kupukuta pakati pa zala, nkuyang'ana kuphazi ndi kagalasi. Botolo lisakhudze mapazi. Ichi nchosavuta kukwanitsa nde chimakhala bwino kukhala pulani ya sabata yoyamba.

Mawu aja oti ndakula kale ndisiyeni andikhudza. Ngati sakugona bwino, asiya zomwe amakonda monga kupita kukamwa tiyi wa m'mawa ndi anzawo, akunena kuti ndi mtolo kwa ana, mwina pali kukhumudwa kwa matenda komwe kumapezeka kwambiri mwa anthu a shuga, ndipo akuluakulu a ku China kawirikawiri sanena kuti mtima ukuwawa, amati mutu, kutopa, chifuwa chathina. Adokotala auzidwe zimenezi poyera.

Inuyo ngati mkamwini malo anu mukuwadziwa, kwathu mkamwini salangiza apongozi ndipo ku China nkhope ya bambo pamaso pa banja ndi chinthu chachikulu. Musawadzudzule patebulo olo kamodzi, musakhale wapolisi wa mbale. Zovuta zidzere mwa mayi akunyumba kapena apongozi aakazi, paokha. Inu gawo lanu ndi kupempha, bambo mimba yangayi yayamba kukula tiyeni muzindiperekeza koyenda madzulo, kapena mundiphunzitseko baduanjin. Mukatero iwo ndi mphunzitsi osati wodwala, ndipo ngati pali mdzukulu woti azitengedwa kusukulu wapansi ndiye kwabwino koposa. Inunso mukayezetse shuga, akuoneni mukubayidwa chala.

Chipatala chachikulu ndi chabwino pa zoyeza zikuluzikulu koma mizere ndi yaitali ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa pa munthu. Kuchokera mu 2009 boma la China lili ndi pulogalamu yoti odwala shuga wa mtundu wachiwiri a zaka 35 kupita mtsogolo azilembedwa pa kiliniki ya m'dera lawo, aziwonedwa kanayi pa chaka ndi kuyezedwa shuga wa m'mawa kwaulere, ndipo m'makiliniki ambiri muli magulu a odwala okhaokha. Kawalembetseni kumeneko kuti akhale ndi nesi kapena dokotala mmodzi wowadziwa dzina. Ulendo wotsatira atenge pepala lija la manambala a masiku atatu ndi mapaketi onse a m'kabati kuphatikizapo a zitsamba, apemphe HbA1c, kuyezedwa maso a mkati, mkodzo wa impso ndi mapazi ngati chaka chatha osayezedwa, afunsenso kuti nambala yawo yoyenera pa msinkhu wawo ndi iti. Ndipo m'chipindamo adokotala akafunsa funso mayi akunyumba asamawayankhire bambo awo, ayankhe okha olo achedwe bwanji.